Musanakanganule matailosi akale pansi pa kapeti, werengani izi

Masiku onse timakambirana za duty, mtengo wa rand ndi mizere ya pa Beitbridge, koma lero tabwera ndi nkhani ya m'nyumba. Ambirife timaoda makapeti ku Joni, ena timakayalanso tokha kwa makasitomala, ndiye zimene zinatigwera zikhoza kugwera aliyense.

Timachita lendi nyumba yakale ku Rosettenville, ndipo chipinda chimodzi timasungiramo katundu tisanamukweze basi ya ku Lilongwe. Kapeti ya m'chipindamo inali itatheratu, ikununkha chinyezi. Eni nyumba anavomera kuti tisinthe, adzachotsera pa lendi. Titaikanganula tinapeza timatailosi ta pulasitiki tobiriwira, tina tothyoka m'mbali, pansi pake pali guluu wakuda ngati phula. Mphwathu amene timayenda naye anati, "Amalume, apa mpofunika grinder basi, pofika madzulo pakhala posalala." Tinamulola, chifukwa basi inali ya mawa lake ndipo tinkafuna kumaliza.

Sipanathe mphindi khumi, chipinda chonse chili fumbi tolo. Bambo wina wachikulire woyandikana nafe anamva phokosolo n'kubwera. Iwowa anabadwira ku Zvishavane, tawuni ya mgodi wa asibesitosi ku Zimbabwe, makolo awo anali a ku Dedza. Atangosuzumira anakuwa, "Zimitsani chimenecho, ana inu! Tulukani, mutseke chitseko!" Tili panja anatiuza kuti matailosi a mtunduwu, limodzi ndi guluu wakudayo, kale ankawasakaniza ndi asibesitosi. Ife tinkangodziwa asibesitosi wa malata.

Tinaitana munthu wodziwa ntchitoyi, anatenga kachidutswa kupita nako ku labotale. Zotsatira zinatsimikiza zimene bambo aja ananena.

Zimene taphunzira ndi izi. Asibesitosi ali ndi tiulusi tosaoneka ndi maso. Tailosi ikakhala yathunthu, tiulusito timakhala tomatirika m'kati ndipo sitivuta. Vuto limayamba mukaipala, kuiboola kapena kuiswa. Fumbilo likalowa m'mapapo silituluka, ndipo limayambitsa khansa ya m'mapapo, khansa ina yotchedwa mesothelioma, komanso kuuma kwa mapapo. Choopsa n'chakuti munthu satsokomola tsiku lomwelo. Matenda amatha kuonekera patapita zaka 20, 30 kapena 40. Wosuta fodya ndiye amakhala pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mapapo. South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008, koma nyumba zomangidwa kale zikadali naye. Malamulo a 2020 amati ntchito zambiri zomuchotsa azigwira makontirakita olembetsedwa ku boma.

Ndiye mukapeza matailosi akale, makamaka ang'onoang'ono a mainchesi 9 mbali zonse, m'nyumba ya zaka za m'ma 1960 kapena 1970, muziwatenga ngati ali naye mpaka labotale itakana. Ndi maso simungadziwe. Ngati ali bwinobwino, asiyeni pomwepo, kapeti ipite pamwamba. Malo othyoka mukwirire ndi simenti yamadzimadzi yosalazira pansi ija. Musakhome timatabwa ta misomali togwira kapeti m'mbali, chifukwa msomali umaswa tailosi. Matani ndi guluu kapena tepi yomata mbali zonse ziwiri. Pochotsa kapeti yakale muzikoka pang'onopang'ono, ndipo mukaona kuti ikunyamuka ndi matailosi, lekani. Grinder, sandpaper, tsache ndi hoover wamba, zonsezi ayi. Ngati kachidutswa kathyoka kale, kanyowetseni ndi madzi a sopo, mutole ndi nsanza yonyowa mutavala masiki ya FFP3, osati ya nsalu ya nthawi ya korona ija. Muike m'mapepala apulasitiki awiri ochindikala, mumange, mulembepo, mufunse a khonsolo kotayira.

Kwathu eni nyumba analipira akatswiri kuyeretsa chipindacho, matailosi otsala anawasiya, kapeti yatsopano tinaimata pamwamba. Ulendo tinaphonya. Mabulangete omwe anali osakuta m'chipindamo tinawapereka kuti akatayidwe limodzi ndi zinyalalazo. Mtima unatiwawa, poti mpamba wake unali wa ngongole ya banki m'khonde, ndipo maganizo oti tingowakung'untha n'kukagulitsa anatifikira ndithu. Koma tinaganiza za mwana amene akanafunda bulangete limenelo ku Kawale.

Chimene chimatisowetsa tulo ndi mphwathu uja. Ali ndi zaka 22. Adokotala anati kupuma fumbi kamodzi kwa nthawi yochepa sikufanana ndi kugwira ntchito mu mgodi, chiopsezo n'chochepa, koma sangatilonjeze kanthu. Anazilemba m'buku lake la kuchipatala n'kumuuza asiye fodya. Kufotokozera mlongo wathu, mayi ake, kunali kovuta kuposa kutaya mabulangete aja. Grinder ija tinamupatsa ndife.

Kwathu ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe nyumba za zaka zimenezo ziliko zambiri. Kasitomala akati anyamata anu ayambe apala pansi, kaoneni kaye nokha. Tsiku limodzi lodikira silingakugwetseni bizinesi. Muyende bwino nonse.