Nyali ya botolo, mdzukulu wa koloboyi

Mgona, Lilongwe

Wokondedwa mphwanga,

Unafunsa ngati nyali za mabotolo zimene zikulendewera m'malo odyera ndi m'maholo a ukwati ndi nzeru yochokera kunja. Kakonzedwe kake n'katsopano ndithu, koma botolo ndi nyali zinadziwana kalekale muno m'Malawi, ndipo kholo la nyali zimenezi ndi koloboyi.

Makolo ankaunikira ndi muuni wa udzu kapena chikuni cha moto, kufikira kutabwera parafini. Mu 1853, katswiri wa zamankhwala wa ku Poland, Ignacy Łukasiewicz, anapanga nyali yoyaka ndi mafutawa mumzinda wa Lviv, ndipo chitsime chimene Edwin Drake anakumba ku Pennsylvania mu 1859 chinachulukitsa parafini padziko. Kuno anafika ndi amishoni komanso amalonda a nthawi ya atsamunda. Nawo mabotolo anatsika mtengo Michael Owens wa ku America atapanga makina owaumba mu 1903. Kale mmisiri ankachita kuuzira mpweya m'galasi losungunuka, botolo limodzilimodzi.

Nyali yagalasi ya m'sitolo inali ya aphunzitsi ndi makalaliki. Munthu wamba anatola kabotolo kotha mankhwala, kuboola chitsekerero ndi msomali, kulowetsapo kachitsulo kokulunga bwino, n'kupisamo chingwe chong'amba ku bulangete lakutha. Koloboyi wabadwa! Amisiri okhoma ndowa anayamba kupanga wa zitini n'kumagulitsa m'misika. Ana ambirimbiri anakhoza mayeso a Sitandade 8 atawerengera pa kamoto kameneka, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye. Ngozi inalipo: koloboyi akagubuduzika anthu ali m'tulo, nyumba yaudzu inkatha psiti.

Ufumu wake unatha mosayembekezereka. Kalembera wa 2008 anapeza kuti mabanja oposa 8 mwa 10 alionse ankaunikira ndi parafini, koma pofika 2018 anali osakwana 2 mwa 100, ndipo oposa theka anali atatembenukira ku tochi ya mabatire. Amene anamulanda mpando si magetsi a ESCOM, ngakhale kuti makina a pa Nkula anayamba kupukusa mu 1966. Ndi kababu ka LED. Akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anatulukira LED yabuluu imene inatsegula njira ya kuwala koyera, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2014. Kababuka kamadya moto wochepa, sikatentha kwambiri, ndiye kamakhala m'galasi popanda kuliswa. Botolo limene linkasunga mafuta pansi pa lawi tsopano lavala kuwalako n'kukwera kudenga.

Sikuti botolo lililonse ndi lodula. Kuyambira pomwe Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, Amalawi anazolowera kuti botolo la mowa limabwezedwa, chimodzimodzi la Fanta, ndipo wagolosale sapereka chakumwa popanda botolo kapena dipoziti. Oterewa ali ndi eni ake. Amasiye ndi a vinyo ndi a zakumwa zina zochokera kunja, amene amathera kudzala ndi m'ngalande n'kumacheka ana mapazi. Ku Mgona, moyandikana ndi mafakitale a Kanengo, palibe angadabwe kuona chotayidwa chikusanduka ndalama.

Pokonza nyali, mmisiri amayamba n'kuviika botolo lotere m'madzi kuti pepala limatuke. Akatero amalemba mzere umodzi wozungulira chakumunsi ndi chodulira magalasi, osabwerezanso. Pamzerepo amathira madzi otentha, kenako ozizira, mosinthanasinthana, mpaka kumveka kuti thee, tsinde lagwa lokha. Chinsinsi n'chakuti galasi limafutukuka likatentha n'kukhwinyata likazizira, ndipo mng'alu umatsata pamene lavulazidwa kale. Amene alibe chodulira amamanga ulusi woviika mu sipiliti, kuuyatsa, moto ukamazima n'kumiza botololo m'ndowa. Njira imeneyi imaphwanya ambiri.

Ntchito yofuna mtima ndi yosalaza. Mlomo wa botolo longodulidwa umacheka ngati lezala, choncho amaukhula pa sandipepa wonyowa, woyamba wokhakhala kenako wosalala, kufikira chala chitayendapo mosaopa. Madziwo amagwira fumbi la galasi kuti lisalowe m'chifuwa, ndipo maso amafunika magalasi oteteza. Waya amalowera kukamwa kwa botolo, babu n'kukhala m'mimba mwake. Mabotolo atatu kapena asanu akamangidwa pathabwa limodzi, zingwe zosiyana kutalika, lobiriwira ndi lofiirira amapaka khoma mitundu yake. Kumene magetsi amavuta, kabatire ka sola kamayatsa bwinobwino, koma za magetsi a ESCOM zimafuna wodziwa mawaya.

Ukamabwera patchuthi, utole mabotolo a vinyo osang'aluka, uwakulunge m'manyuzipepala kuti asagundane m'basi. Sandipepa ndi waya tidzagula konkuno. Upereke moni kwa amayi ndi onse kumeneko.

Ndine mkulu wako.