Posankha Dera Logulako Nyumba mu Mzinda wa Blantyre

Munthu akamagula nyumba m'tauni maso ake amathamangira pa makoma, denga ndi zitseko. Koma gawo lalikulu la ndalama zimene amatulutsa limapita pa dera limene nyumbayo ili: msewu umene adzayendemo m'mawa uliwonse, mpopi umene adzatungepo madzi, ndiponso anthu amene adzafike pakhomo pake tsiku la chisangalalo kapena la maliro. Denga likadontha timaitana mmisiri. Palibe mmisiri amene angathe kunyamula nyumba kuichotsa m'munsi mwa phiri n'kukaiika pena.

Ife tidakhala pa lendi mu Blantyre zaka zambiri tisanayambe kufunafuna nyumba yathuyathu m'chaka cha 2023. Pabanja pathu pali ana anayi ndi agogo awo, amene amadwala matenda a shuga ndipo amayenera kukaonana ndi adokotala ku Queens kawirikawiri. Ndalama zimene tidali nazo zidali za penshoni pamodzi ndi zimene tidasunga pang'onopang'ono kuchokera mu kagolosale kathu ka ku Limbe. Ngongole yachiwongoladzanja sitidaifune. Choncho mwayi wogula udali umodzi wokha, ndipo tikadauponya pa malo olakwika sipakadakhalanso pogwira.

Choyamba chofunika kudziwa ndi chakuti mzinda uno uli ndi mitima iwiri. Blantyre idayamba m'chaka cha 1876, Limbe idabwera pambuyo pake mu 1909, ndipo matauni awiriwa adawaphatikiza mu 1956. Msewu wa Masauko Chipembere ndiwo umawalumikiza, kudzera pa Ginnery Corner ndi pa Chichiri. Mwa ichi, munthu akakuuzani kuti nyumba ili pakati pa mzinda, mufunseni kuti pakati pake pati, chifukwa amene amagwira ntchito ku Victoria Avenue ndi amene ali ndi sitolo ku msika wa Limbe sayeza mtunda mofanana.

Tidayamba ndi madera a mayadi monga Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe. Kumeneku mapuloti ndi aakulu, mitengo ndi yambiri ndipo kuli bata. Nyumba imodzi yakale, yofunika kukonza kwambiri, mtengo wake udayandikirako ku thumba lathu, ndipo ana adaikonda. Titakhala pansi ndi pensulo tidaona kuti walira mvula walira matope. Nyumba ya kumayadi imafuna mlonda, munthu wosamala pabwalo, msonkho wokwera wa ku khonsolo ya mzinda, ndiponso galimoto yosafa, pakuti maminibasi salowa m'tinjira ta mkati. Kuwonjezera apo, agogo adatifunsa kuti tonse tikachoka m'mawa iwo azidzacheza ndi yani kuseri kwa mpanda wautali chotere. Funso limeneli tidalibe nalo yankho.

Kenaka tidayendera Chitawira, Naperi, Nkolokosa, Chinyonga ndi Kanjedza. Nyumba zambiri za m'madera amenewa zidamangidwa ndi bungwe la Malawi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1964. Ndi nyumba zazing'ono, za zipinda zogona ziwiri kapena zitatu, koma zidamangidwa motsata pulani, m'mizere, misewu ndi ngalande zili m'malo mwake. Kuchokera ku Chitawira kapena ku Naperi, chipatala cha Queen Elizabeth, chimene chidatsegulidwa mu 1958, sichili kutali. Vuto la kumeneku ndi kuthinana. Eni nyumba ambiri adamanga tinyumba ta lendi kuseri, kotero kuti puloti imene idakonzedwera banja limodzi lero ikusunga mabanja atatu, onse pa chimbudzi ndi mpopi womwewo.

Mitengo yotsikirapo tidaipeza ku Ndirande, Zingwangwa, Manja ndi Chilobwe. Awa ndi madera a moyo, a malonda, ndipo tili ndi abale athu enieni amene amakhala kumeneko mwaulemu wawo. Komabe palibe munthu wa mu Blantyre amene angaiwale mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Kuyambira pamenepo, nyumba iliyonse imene tidapita kukaona, tisanalowe m'kati tinkayamba taimirira panja n'kuyang'ana kumtunda. Tinkadzifunsa kuti mvula ikagwa masiku atatu osaleka, madzi ochokera uko adzadutsa pati. Tinkafunsanso anthu oyandikana nayo kuti madzi adafika pati mu 2015 ndi mu 2023. Mzinda uno wazunguliridwa ndi mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, ndipo mitsinje ya Mudi, Naperi ndi Nasolo imadutsa m'kati mwake. Nyumba yotchipa ya m'mphepete mwa mtsinje kapena ya pamtsetse imadzalipiritsa mwini wake tsiku lina.

Nkhani ya madzi akumwa nayo imayendera dera. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera nawo chitunda chonsecho. N'chifukwa chake magetsi akavuta madzinso amavuta, ndipo nyumba za pamtunda ndizo zimayamba kuuma mipopi. Wogulitsa nyumba adzakuuzani kuti madzi sasowa. Inu yang'anani kuseri kwa nyumba za anansi. Mukaona migolo ndi zidebe zili ndandanda pakhomo lililonse, mwapeza yankho loona popanda kufunsa munthu.

Za mapepala tisachite nazo manyazi, abale ndi alongo, pakuti safunsa adadya phula. Malo ambiri a m'tauni ali pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo wogula ayenera kudziwa zaka zimene zatsala, mwini wake weniweni wa malowo, ndiponso ngati pali ngongole ya msonkho, ya madzi kapena ya ku banki imene nyumbayo idaikidwa chikole. Zonsezi zimafufuzidwa ku ofesi ya za malo ndi ku khonsolo, ndipo ndi bwino kulipira loya kusiyana ndi kudalira mawu a munthu wapakati amene akudikira gawo lake. Ife tidasiya nyumba ina yokongola ndithu titamva kuti mwini wake adamwalira ndipo amene ankagulitsa adali mchimwene wa malemuyo, ana ndi mayi wawo osadziwa. Kugula nyumba yotere ndi kugula mlandu, ndiponso ndi kudya chuma cha ana amasiye.

Kudekha kumeneku kudali ndi mtengo wake. Mu November 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo tidaona ndi maso athu ndalama zathu zikuchepa zili chikhalire m'buku. Apakati ankatiimbira lamya tsiku ndi tsiku kuti tikachedwa nyumba itengedwa ndi ena. Tidachepetsa zofuna zathu, chipinda chimodzi tidachichotsa pa mndandanda, koma pa nkhani ya dera ndi ya mapepala sitidasunthe.

Nyumba zimene zidatsala pa mndandanda tidaziyendera katatu iliyonse. Tinkapita m'mawa kuti tione ngati minibasi imapezeka msanga nthawi ya sukulu. Tinkapitanso usiku wa Loweruka kuti timve ngati pafupi pali malo omwera mowa osokosera. Ulendo wachitatu udali wa tsiku la mvula. Tidayendanso wapansi kuchokera pakhomo kukafika ku msika, ku sukulu ndi ku mzikiti, tikuwerenga mphindi, poganizira mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene azidzapita yekha ku madrasa masana. Pomaliza tinkagogoda kwa anansi n'kupereka moni. Mmene munthu amakulandirira usanakhale mnansi wake zimakuuza zambiri za mmene adzakhalire nawe.

Tidagula ku Kanjedza m'chaka cha 2024. Nyumba yake ndi yaing'ono, ana aamuna amagona chipinda chimodzi, ndipo miyezi ya June ndi July chiperoni cha ku Limbe chimatilowa mpaka m'mafupa. Koma ku golosale timafika msanga, minibasi ya ku Queens timakwerera pafupi, ndipo agogo adapeza anzawo awiri amene amakhala nawo pakhonde madzulo akusankha nyemba.

Sitikunena kuti aliyense athamangire ku Kanjedza. Banja lina Namiwawa ndiye angaliyenere, lina Ndirande. Langizo lathu ndi lakuti musanapite kukaona nyumba ngakhale imodzi, khalani pansi pamodzi ndi onse a m'banja mwanu, okalamba ndi ana omwe, mulembe malo amene aliyense amapitako sabata iliyonse. Pepala limenelo ndilo likusonyezeni dera, ndipo dera likadziwika, nyumba muidzaifunefune m'menemo.