Ludzu la ku Chigwa cha Shire

Munthu wochokera ku Blantyre akamatsika zitunda za Thabwa m'mwezi wa Okutobala, kamphepo ka kumapiri kamamsiya pang'onopang'ono. Pofika pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, malaya amakhala atamatirira kumsana, pakuti kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena. Kumeneko madzi ozizira ndi chuma.

Anthu a m'tauni amatsika atanyamula mabokosi aja otchedwa cooler box, ndipo mabokosiwa sali ofanana. Lotchipa ndi lopyapyala, ayezi wake amasungunuka dzuwa lisanapendeke. Lamtengo wapatali ndi lochindikala, lili ndi mphira kuzungulira chivundikiro, kotero limasunga ayezi masiku angapo, ngakhale kuti kulemera kwake n'kosautsa. Kwa mayi wogulitsa zakumwa pa Dyeratu, kapena wopikula nsomba ku dambo la Elephant Marsh, ndalama zogulira bokosi lotere zimabwerera, chifukwa katundu saonongeka.

Komabe bokosi silipanga kuzizira, limangosunga kumene lapatsidwa. Ayezi amafuna firiji, firiji imafuna magetsi, ndipo midzi yambiri ilibe magetsiwo. Kumudzi bokosilo limangosanduka mpando wa alendo.

Mtsuko ndiwo supempha kanthu. Madzi amadutsa pang'onopang'ono m'timaenje ta dothi lake, ndipo pouma ndi mphepo amachoka ndi kutentha kwa m'kati. Amayi amauika pamthunzi, pa mchenga wonyowa, nauvundikira ndi mbale. Madzi ake sazizira ngati a ayezi, inde, koma mlendo wotsika basi amagugudiza zikho ziwiri asanayambe kunena malonje.