Nkhope ya Barbra, Khungu la Barbra

Ife a ku Katete tinakula tikudziwa kuti nkhope imalankhula. Caka ciliconse mu Ogasiti, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi. Gule akangolowa m'bwalo, ngakhale mwana amazindikira kuti nkhope iyi yabwera kudzaseketsa, iyo yabwera kudzadzudzula. Za kudambwe sindilowamo. Ndingoti kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuti nkhope yoonetsa pagulu siisankhidwa mwacibwana.

Nchito yanga yapambali ndi kupangira anzanga ma DP a pa WhatsApp ndi Facebook. Wina amafuna Patson Daka, wina Yo Maps, wina nkhope yake yomwe koma itavala jezi ya Chipolopolo. Amandilipira ndi talktime, nthawi zina ndi zikomo cabe. Funso limene amandifunsa kwambiri ndi lakuti, “Iwe, umasewenzetsa app iti?”

Yankho limayambira m'thumba. Photoshop ndi yabwino, koma amalipiritsa mwezi ndi mwezi, ndipo imafuna kompyuta yamphamvu. Amene ali ndi laputopu angatenge GIMP kapena Krita, zonse ziwiri n'zaulere. Koma ambiri a ife situdiyo yathu ndi ka itel kapena ka Tecno kong'ambika galasi, kamene timacita kukasunga moto malaiti akapita. Pa foni yotere, Canva imathandiza pa malemba ndi mapositala, koma imadalira intaneti, ndiye bundle imasungunuka ngati mcere m'madzi. PicsArt imadula bwino cithunzi, kungoti zida zake zambiri zokoma zili kuseri kwa malipiro. Snapseed ndi yaulere ndipo siifuna intaneti, koma nchito yake ndi kukonza kuwala ndi mitundu. Sungajambulemo ndi dzanja.

Ine ndinakhazikika pa ibis Paint X, cifukwa ca ma layer. Layer ili ngati pepala loonekera: pansi ndimaika cithunzi cotsanzira, pamwamba pake mizere, pamwamba pakenso utoto. Mphuno ikapanda kukhala bwino, ndimafuta mphuno yokhayo, maso osawakhudza. Ndimayamba ndi bwalo lofanana mbali zonse, 1080 kwa 1080, nkhope n'kuiika pakati, popeza WhatsApp imadula DP mozungulira ndipo makona onse amatayika. Ndikamaliza ndimaicepetsa mpaka ifanane ndi cikhadabo. Ngati munthuyo sakuzindikirika pa msinkhu umenewo, nchito ikalipo.

Koma pali cifukwa cina cacikulu kuposa ma layer, ndipo dzina lake ndi Barbra Banda.

Atsikana ambiri amene amandipempha DP amafuna iyeyu. Pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 anagoletsa zigoli zitatu pa Netherlands, masewera otsatira zitatunso pa China. Mu 2024 anapita ku Orlando Pride, n'kuwina nayo cikho ca ligi ya ku America, ndipo BBC inamupatsa mphoto ya wosewera mpira wamkazi wopambana m'caka cimeneco. Mphotoyo itangolengezedwa, anthu ena pa intaneti anayamba kumunyoza cifukwa ca maonekedwe ake.

Tsopano tenga cithunzi ca Barbra, uciike mu ma app aja okongoletsa nkhope ndi batani limodzi. Nthawi zambiri khungu limayera, nsagwada imacepa, mphuno imasongoka, maso amakula ngati a cidole. Makinawo satukwana, koma akunena zomwe zija ananena onyoza: kuti mmene alili sizikukwanira. Mtsikana wa ku Sinda akaika cithunzi cimeneco pa DP, akuganiza kuti akutamanda ngwazi yake, pamene wanyamula munthu amene kulibe. Ndipo mawa akadziyang'ana pa galasi, adzadziyeza ndi yani?

N'cifukwa cake ndimafuna pulogalamu imene imasiyira dzanja langa cigamulo. Mtundu wa khungu ndimautenga pa cithunzi ceniceni ndi kacida kotolera utoto: pamphumi pamene pamawala thukuta, patsaya, ndi pansi pa cibwano pamene pali mthunzi. Khungu lathu lili ndi mitundu yambiri: kufiirira, kuderako, ngakhale kabuluu pang'ono dzuwa likapendeka. Zimatenga madzulo awiri, cala cimacita dzanzi, koma wotuluka pamenepo ndi Barbra.

Mng'ono wanga amene ukufuna kuyamba, usadikire laputopu. Funsa app iliyonse mafunso atatu: kodi idzayenda pa foni yanga? Kodi idzagwira bundle ikatha? Kodi idzandilola kusankha ndekha mtundu wa khungu? Ikalephera loyamba kapena laciwiri, ungapirire nayo. Ikalephera lacitatu, icotse lero lomwe, upezeko malo osungira nyimbo.