Za Njereza, Penti ndi Maina Ache

Mvula ikatha, chimanga chikalowa m'nkhokwe, mitima ya anthu a kuno ku Machinga ndi ku Balaka itembenukira ku nyumba zao. Uyu afuna kutseka mng'alu umene dzinja linasiya pa khoma, uyo afuna kuyeretsa chipinda pakuti mwana wache akwatiwa, ndipo akulu a mpingo ayamba kuwerenga ndalama za m'mbale, kuona ngati zifikira kukonza nyumba ya mapemphero. Nyengo imeneyi ife aphunzitsi tisanduka owerengera anthu zitini. Munthu adza nacho chitini chochokera ku sitolo ya ku Liwonde kapena ku Ntaja, nati, Aphunzitsi, tandiuzani chimene ndagulachi. Ndipo kawirikawiri tipeza kuti chimene wagula si chimene khoma lache lifuna. Pakuti anapita ku sitolo ali ndi mau amodzi okha, akuti penti, pamene wogulitsa ali nao maina khumi, ndi dzina liri lonse liri ndi nchito yache ndi mtengo wache.

Makolo athu sanali osauka pa mau a nchito imeneyi, monga ena aganiza. Taonani m'mene anasiyanitsira. Kumata ndiko kuponya dothi lonyowa pa mitengo ndi nsungwi kufikira khoma liima. Kutsutsuta ndiko kubwerera pa khoma lomwelo litauma, ndi dothi losalala, kutseka ming'alu ndi kulisalaza ndi dzanja. Kuzira ndiko kwa pansi ndi pa khonde, nchito ya amai, ndi mtsiro wokatapa ku dambo. Ndipo pambuyo pache atenga nkhulungo, kamwala kosalala ka ku mtsinje, nakulungiza kufikira pansi panyezimira. Kulocha ndi nchito ina ndithu: ndiko kuika maanga, apa katondo wofiira, apa dothi loyera, apa makala osinja kapena mwaye. Mai wa pa mudzi sangasokoneze mau anai awa angakhale atadzuka kutulo. Mukamuuza kuti akazire khoma ndi makande adzakusekani, pakuti adziwa kuti makande akauma ang'aluka monga dambo la ku Chilwa mwezi wa October.

Luso la kulocha ndi lakale kopambana nyumba ziri zonse za njerwa m'dziko muno. M'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, muli zithunzi pa miyala, zina zofiira, zina za dothi loyera, m'malo 127. Ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linawerengera malowo pamodzi ndi chuma chosungika cha dziko lonse lapansi. Tikumbukanso kuti David Clement Scott, amene anamanga nyumba ya mapemphero yaikuru ya ku Blantyre kuyambira 1888 kufikira 1891, ndi yemweyo anasonkhanitsa mau a Chimang'anja m'buku lalikuru lotuluka m'chaka cha 1892. Mmisiri wa njerwa anaona kuti sangamange pamodzi ndi anthu popanda kutola mau ao. Ife tiyesa kuti mwini nyumba wa lero ali ndi nchito yomweyo, kungoti mau amene ayenera kutola ali pa zitini.

Tiyambe ndi njereza, dzina lathu lathu, limene owerenga Buku Lopatulika la 1922 alidziwa bwino. Njereza si dothi loyera lokumba pa mtsinje ai. Ndi mwala wopita pa moto. M'mapiri a Chenkumbi, kufupi ndi Balaka, muli mwala wa mtundu umenewu wochuruka, ndipo anthu a kumeneko auphwanya ndi kuuotcha zaka zambiri. Mwalawo ufuna moto waukali, wofika madigiri 900, moto woposa wophikira nsima kutali. Ndipo m'motomo utaya mpweya umene unali womangika m'kati mwache, kotero kuti makilogalamu 100 a mwala wabwino atuluka m'ng'anjo ali ngati makilogalamu 56 okha. Chotulukacho ndi njereza yamoyo, yaukali. Mukaithira madzi ilira, itentha, ifuka nthunzi, niphwanyika kukhala ufa woyera. Uku ndiko kuzima njereza. Ufa umenewu mukausungunula m'madzi ndi kuupaka pa khoma, uyamba kumwanso pang'onopang'ono mpweya uja unataya m'ng'anjo, ndipo patapita masiku usandukanso mwala, wopyapyala ngati khungu la dzira. Ife tiphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka, koma sitinaleke kuzizwa nazo: mwala wa ku Chenkumbi utuluka m'phiri, upita pa moto ndi m'madzi, nukhalanso mwala pa khoma la munthu wa ku Ulongwe.

Tsono pano ndi pamene pali msampha. Masiku ano anthu ambiri aleka kunena njereza, nati laimu. Ndipo dzina ili la laimu lisenza zinthu zitatu. Alipo laimu wamoyo uja wosazima. Alipo laimu wozima, wopakira ndi womangira. Ndiponso alipo laimu wa m'munda, amene alangizi auza alimi kuti athire m'nthaka yowawasa. Wa m'mundayu kawirikawiri ndi mwala wongopera, wosaona moto konse. Ndi woyera ndithu, ndipo m'thumba afanana ndi mnzache; koma pakuti sanataye mpweya wache, alibe chomwera pa khoma, ndipo sagwira. Tidziwa mpingo wina wa m'dera lino umene unasonkha ndalama miyezi itatu, amai kugulitsa nandolo, anyamata kugwira ganyu, nutuma mkuru mmodzi kukagula matumba a laimu. Mkuruyo anafunsa laimu, napatsidwa laimu, wotsika mtengo, nabwera wokondwa kuti wapulumutsa ndalama za mpingo. Anapaka Lachisanu ndi Loweruka. Tsiku la Sabata ali yense wotsamira khoma anatuluka msana uli mbuu, ndipo mvula yoyamba inatsuka zonse. Panalibe wakuba pamenepo, kapena wonama. Koma mkuru uja anakhala miyezi yambiri osafuna kugwiranso thumba la mpingo, ndipo anthu ena sanasiye kunong'ona.

Njereza yeniyeni ifuna ulemu pang'ono. Isungunuleni ikhale ngati mkaka, si ngati phala. Yolimba ing'aluka niyoyoka. Muyambe mwawaza khoma madzi, ndipo musapake dzuwa liri pamutu, pakuti ikauma msanga siikhwima. Pamene muli kupaka idzaoneka ngati madzi chabe, khoma lakuda liri kuonekera, ndipo wosadziwa ataya mtima naonjeza ufa. Koma dikirani mawa, mudzaona kuyera. Kupaka katatu mopyapyala kuposa kupaka kamodzi mochindikala. Ndipo sungani maso anu ndi a ana, pakuti njereza idya diso. Ikagwamo tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, nimufulumire ku chipatala.

Simenti ndi mlendo wa pambuyo. Munthu wina wa ku Leeds m'dziko la England, dzina lache Joseph Aspdin, analandira chikalata cha umwini wa kapangidwe kache m'chaka cha 1824, namutcha Portland chifukwa akauma afanana ndi mwala wa pa chisumbu cha Portland. Ndicho chifukwa chache dzinali muliona pa matumba kufikira lero. Simenti wosanganiza ndi mchenga, womata pa khoma, ndiye amisiri amutcha pulasitala. Pa njerwa zootcha pulasitala ndi wabwino, sititsutsa. Koma pa khoma la dothi kapena la zidina tiri naye mlandu. Khoma la dothi limwa chinyezi ndi kuchitulutsanso, monga mtsuko utuluka thukuta. Njereza iri ndi timabowo tosaoneka, ilola chinyezicho kupita. Simenti ndi wouma mtima: akang'aluka pang'ono madzi alowa, koma potulukira asowa, ndipo dothi libvunda kumbuyo pamene kunja kuoneka kokoma. Gogodani khoma lotere ndi chala, mudzamva kulira ngati ng'oma. Amene anayenda m'midzi itapita mphepo ya Freddy mwezi wa March 2023 anaona kuti makoma ambiri anayamba kugonja m'munsi, pamene madzi anaima. Khonde lotambalala, maziko okwezeka ndi ngalande yochotsa madzi zitchinjiriza nyumba koposa chopaka chiri chonse.

Tifike tsono ku zitini. Penti ali ndi mafuko awiri, ndipo munthu akadziwa ichi chokha wadziwa theka la nkhani. Pfuko loyamba ndi penti wa madzi, amene pa chitini alemba PVA kapena emulsion. Asungunuka ndi madzi, auma msanga, alibe pfungo loipa, ndipo ndi wa pa khoma la pulasitala; koma pulasitalayo ayambe wakhala milungu inai, chifukwa simenti wamuwisi adya penti. Pfuko lachiwiri ndi penti wa oyilo, amene alemba gloss kapena enamel. Uyu anyezimira, atsukika, ndi wa pa zitseko, mazenera ndi zitsulo; sagwirizana ndi madzi, koma asungunuka ndi thapentaini, imene ambiri aisokoneza ndi thina. Ena athira palafini kuti achuruke, ndipo pentiyo akhala womata masiku ambiri, natola pfumbi ndi ntchentche. Penti wa oyilo pa khoma lonyowa achita matuza nasupuka ngati khungu la njoka; ndipo penti ali yense wopaka pamwamba pa njereza yakale yosapala agwa pamodzi ndi njerezayo.

Maina ena anena za malo a chopakacho m'mzere, monga ana a sukulu aima wamng'ono patsogolo. Pulaimala ndiye woyamba, woluma thabwa kapena chitsulo kuti enawo apeze pogwira. Okusaidi wofiira uja wopaka pa zitsulo ndi wa mtundu umenewu, aletsa dzimbiri. Andakoti adza pakati, kubisa maanga. Wotsiriza ndiye amene maso aona. Mmisiri akakuuzani kuti nchito yache ndi ya makoti awiri, mfunseni ngati awerenga andakoti kapena iai, musanapangane mtengo. Milandu yambiri ya pakati pa amisiri ndi eni nyumba ibadwa pa mau amenewa. Vanishi alibe mtundu, angoonetsa maanga a thabwa. Ndipo tiyesa kuti ndi kulakwira mtengo wa mlombwa kuupaka penti wobiriwira pamene vanishi alipo.

Liripo dzina lina limene siliri pa chitini kawirikawiri, koma ndilo lolemera koposa onse: mtobvu. Opanga penti wa oyilo ena athiramo mtobvu kuti mtundu uwale ndi kuti aume msanga, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira. Pentiyo akakalamba asanduka pfumbi. Mwana wokwawa agwira pansi, naika chala m'kamwa. Mtobvu suonetsa chironda, koma uononga bongo wa mwana, ndipo chimene waononga sichibwerera. A bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, anena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'mwazi umene udziwika kuti uli wosapweteka. Malire amene a United Nations alangiza maiko ndiwo magawo 90 pa magawo 1,000,000 a penti. Kuno kwathu bungwe la LEEP, lobadwa m'chaka cha 2020, linayamba nchito yache ndi kuyesa penti wa m'masitolo a m'Malawi, ndipo linapeza zitini zambiri za oyilo zopitirira malirewo. Pambuyo pache linagwirizana ndi a Malawi Bureau of Standards ndi opanga penti kuti mtobvu uchoke. Koma penti wopaka kale ali pomwepo pa zitseko ndi pa mabenchi a ana. Ife amene tikhala ndi ana m'kalasi tsiku ndi tsiku, ndi kuona wina alephera kusunga zimene anzache asunga, sitingamve nkhani imeneyi mopepuka. Pogula funsani penti wopanda mtobvu, amene alemba lead free. Popala penti wakale nyowetsani poyamba, musapale pouma ndi sandipepala, ana akhale kutali, ndipo chitini chikatha musachisandutse chotungira madzi kapena chosungira mchere.

Za mapepala omata pa khoma tinena pang'ono, pakuti m'midzi yathu ndi osowa. Ku Ulaya awapanga dala, a maluwa ndi mizere, nawagulitsa m'mipukutu. Kwathu anyamata amata nyuzipepala ndi makalendala akale ndi phala la chinangwa, ndipo chipinda chikoma mwezi umodzi. Pambuyo pache mphemvu zidza kudzadya phalalo, nsikidzi zipeza pobisala, ndi chiswe chikwera kumbuyo osaoneka. Ndiponso kumene azaumoyo apopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, mankhwalawo akhala pa nkhope ya khoma. Mukamata pepala, kapena kutsutsuta, kapena kupaka njereza iwo atapita, mwakwirira mankhwala amene akadatchinjiriza ana anu ku malungo. Konzani khoma asanafike.

Tiri kulemba mau onsewa m'kabuku ka pa sukulu yathu, akale ndi atsopano pa tsamba limodzi, kuti ana a Standard 7 ndi 8 awaphunzire. Dera lino ndi la zinenero zingapo, ndipo amai a ku Nsanama, a ku Chikweo ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta ali nao maina ao a Chiyao ndi a Chilomwe a mitundu ya dothi lozira ndi lolochera. Tipempha aphunzitsi anzathu ndi akulu a mipingo a kumeneko kuti akhale pansi ndi agogo, afunse dzina la dothi liri lonse, kumene likumbidwa ndi nchito yache, nalembe bwino, natumize kwa Mkonzi mvula isanayambe.