Eagle yathu yokalamba

Tinasonkha ndalama za chimanga ndi mng'ono wathu n'kugula Eagle yakale, ija ya Luangwa Industries ya kuno ku Chipata. Anzathu a pa boda ya Mwami anatiseka: "Mwagula ambuye!" Amalume anagogoda felemu, nati, "Chitsulo ichi chikali ndi moyo. Sinthani tcheni cabe."

Pa Sondo tinapikisana ndi a njinga za magiya, aliyense atanyamula mnzake kumbuyo. Otsiriza akanasiya malo oimikapo njinga sabata yonse. Pa tala anatisiya kutali. Titalowa m'mabampu, masipoko awo anayamba kuduka, ife tikungopalasa. Tinafika achiwiri.

Manje tikaikakamiza imalira. Lachitatu lililonse timaipumitsa, timaithira mafuta, monga ambuye ndithu.