Kompyuta Yozima Mpira Uli Mkati

M'nyumba mwathu muno ku Mangochi muli kompyuta imodzi, ya bokosi lakuda lokhala pansi pa tebulo, yomwe achimwene athu adatitumizira kuchokera ku Johannesburg. Idafika itagwirapo kale ntchito kwina, koma kwa ife idali chuma. Ntchito yake yeniyeni ndi kusunga mawerengero a geni ya usipa: ndowa zomwe zagulidwa kugombe, matumba omwe apita ku Limbe, ndi mayina a onse otenga pangongole. Madzulo, ana akamaliza ntchito ya kusukulu, timawalola kusewerapo gemu ya mpira ya FIFA kwa ola limodzi.

Mu Juni, nyengo ya mwera, achimwenewo adatumizanso mphatso ina ya ana. Idali graphics card ya Nvidia, GTX 1060, kachipangizo kojambula zithunzi za gemu kuti osewera azithamanga pasikirini mosadukiza. Mmisiri wina adatiikira m'bokosimo, ndipo kwa miyezi itatu zonse zidayenda bwino. Mu Seputembala tidalandira pakhomo mwana wa malemu mlongo wathu, mnyamata wa zaka 14, wofatsa ndi wosalankhulalankhula. Kwawo adali asadakhudzepo kompyuta, choncho adaikonda kuposa ana athu onse.

Vuto lidayamba mu Okutobala, dzuwa litafika poswa mtengo. Mpira uli mkati, sikirini inkangoti bii, mafani n'kukhala chete kamphindi, kenaka kompyuta n'kuyakanso yokha ngati palibe chomwe chachitika. Polemba mawerengero siinkavuta ngakhale pang'ono. Inkangozima pa gemu, ndipo kawirikawiri wokhala pampando panthawiyo adali mlendo wathu uja, popeza ndiye ankasewera kwambiri. Ana athu adayamba kunong'ona kuti waiononga ndi iyeyo. Ifenso tidaika zinthu ziwirizi pamodzi: mnyamata wabwera mu Seputembala, kompyuta yayamba misala mu Okutobala. Mlandu tidauweruza osaufufuza.

Tsiku lina idazima pamene fayilo ya ngongole idali yotsekula kuseri kwa gemu, ndipo zomwe zidalembedwa masana a tsikulo zidasowa. Mtima udatipsa. Tidamuitana mnyamatayo pamaso pa anzake n'kumuuza kuti asadzayandikirenso patebulopo. Iye adawerama n'kunena chapansipansi kuti, "Amalume, ine sindidakhudze china chilichonse, ndimangosewera basi." Sitidamumvere. Usiku umenewo adadya pang'ono, n'kukagona msanga.

M'mawa mwake tidanyamula bokosilo pa kabaza kupita nalo kwa mmisiri wa mafoni ndi makompyuta. Iye sadalitsekule n'komwe. Adati ndi vayirasi yomwe ana alowetsa ndi mafulashi, adaikamo Windows yatsopano, ife n'kulipira. Patangopita masiku awiri idazimanso, ndipo ulendo uno pampando padali mwana wathu woyamba. Mnyamata tidamuletsa uja adali panja, akutsuka mbale.

Madzulo a tsiku lomwelo adabwera ndi kope lake la kusukulu. Kumasamba akumapeto adali atalembako, kuyambira sabata yoyamba ya vutoli, tsiku lililonse lomwe kompyuta idazima, ola lake, yemwe ankasewera, ndi mphindi zomwe zidadutsa isadazime. Sadanene mawu odziteteza. Adangotambasula kopelo patebulo. Titawerenga tidaona chomwe maso athu adakana kuona: masana otentha inkazima pasadathe mphindi 15, usiku inkapirira mpaka mphindi 40, ndipo m'mawa wa Loweruka siidazimepo. Dzina la wosewera silinkasintha kanthu. Chomwe chinkasintha chidali kutentha.

Tidajambula masambawo n'kuwatumiza pa WhatsApp kwa achimwene, omwe amadziwako za makinawa. Yankho lawo lidayamba ndi lamulo limodzi: sinthani chinthu chimodzi panthawi imodzi, yesani, lembani, ndiyeno pitani pa china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi, vuto likatha simudziwa chomwe chalithetsa, ndipo likapitirira simudziwa chomwe mwachichotsa pamndandanda. Adatinso tisadachite kanthu tikopere mafayilo onse a geni mu fulashi, chinthu chomwe tidayenera kuchita kalekale. Adamaliza ndi funso: "Kodi amene walemba kopeli ndani? Ameneyo ndiye agwire sikuludiraiva."

Choyamba tidafuna kudziwa ngati wozimitsa ndi Windows. Windows ikakumana ndi cholakwika chachikulu imaonetsa sikirini ya buluu yokhala ndi uthenga, koma kawirikawiri imayakanso msanga munthu asadawerenge. Pali malo otchedwa Startup and Recovery pomwe mungachotse kachizindikiro pa mawu oti Automatically restart, kuti uthengawo ukhalebe pasikirini. Tidatero, ana n'kusewera. Idazima popanda buluu aliyense. Mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika zake, tidapezamo mzere woti Kernel-Power 41 pa nthawi iliyonse yomwe idali m'kope muja. Mzerewu sutchula chifukwa. Umangonena kuti kompyuta idayaka isadazimitsidwe mwadongosolo. Komabe kusowa kwa sikirini ya buluu kudatilozera kutali ndi mapulogalamu ndi vayirasi, kufupi ndi kutentha ndi magetsi.

Chachiwiri tidayeza kutentha ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa HWMonitor. Kompyuta ikangokhala, purosesa inkakhala pa madigiri 55. Gemu itayenda mphindi khumi idadutsa 90. Mapurosesa amapangidwa moti akayandikira madigiri 100 amachepetsa liwiro, ndipo kutentha kukapitirira amazimitsa makina onse kuti asapse. Tidazula pulagi kukhoma, mnyamata n'kumasula chitseko cha bokosi. Zomwe tidaona zidatichititsa manyazi. Fumbi la chilimwe lidali litaumbana ngati thonje pakati pa timapepala tachitsulo tomwe timachotsa kutentha, m'ngodya mudali ukonde wa kangaude, ndipo bokosilo lidali litatsamira khoma moti mpweya wotentha udalibe kotulukira. Adapukuta ndi kaburashi kofewa, atagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Adachotsanso phala louma lomwe limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo chake, lija amati thermal paste, n'kuikapo latsopano kadontho kofanana ndi njere ya nandolo. Bokosi tidalikweza patebulo, kutali ndi khoma.

Kutentha kudatsika kufika pa madigiri 70. Tidasangalala, tikuyesa kuti tapambana. Tsiku lachitatu idazimanso. Apa m'pomwe tidatsala pang'ono kutaya mtima n'kubwerera kwa mmisiri, koma mnyamata adationetsa kope: tsopano inkapirira mphindi 50 masana. Kutentha kudali mbali ya vuto, koma sikudali vuto lonse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tidapitiriza ndi mndandanda. RAM tidaiyesa ndi Windows Memory Diagnostic, ndipo siidaonetse cholakwika. Tidaizula n'kuibwezera bwino m'malo mwake. Kenaka tidachotsa ekisitenshoni yotchipa yomwe kompyuta inkagawana ndi fani yaikulu ndi machaja a mafoni, n'kulumikiza pulagi molunjika ku soketi ya kukhoma. Mnyamata adayang'anitsitsanso babu la m'chipindamo kuti aone ngati likuphethira panthawi yozimayo, poti magetsi akagwa mphamvu m'nyumba monse babu limaonetsa. Silidaphethire. Choncho vuto lidali m'bokosi momwemo.

Kudatsala power supply, kabokosi kachitsulo komwe kamalandira magetsi a 230V a kukhoma n'kuwasandutsa 12V, 5V ndi 3.3V zomwe zipangizo za mkati zimadya. Pamwamba pake padalembedwa 450W ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo nambala imeneyo idatikhutiritsa, popeza opanga GTX 1060 amalangiza power supply ya mawati 400. Achimwene adati tisakhulupirire zilembo zikuluzikulu, tiwerenge timanambala tating'ono ta m'munsi. Pansi pa +12V padalembedwa 16A. Purosesa ndi graphics card zonse zimakoka mphamvu zawo pa 12V imeneyi. Mnyamata adachulukitsa 12 ndi 16 pakope, n'kupeza mawati 192. Purosesa yathu, Core i5-4570, ndi ya mawati 84, ndipo GTX 1060 ndi ya mawati 120. Kuphatikiza ziwirizi ndi 204, osawerengera mafani ndi hadi disiki.

Zonse zidamveka tsopano. Polemba mawerengero graphics card imakhala ngati yagona, ndipo imadya mphamvu zochepa kwambiri. Gemu ikayamba imadzuka n'kufuna gawo lake lonse. Power supply yokalamba ndi yotchipa inkasenza katundu woposa msinkhu wake kuyambira mu Juni, koma kuzizira kwa mwera kunkaithandiza. Chipangizo chimenechi chikatentha mphamvu zake zimachepa, choncho Okutobala atafika idayamba kugonja: mphamvu ikatsika kamphindi, kompyuta imazima n'kuyambiranso. Kuti titsimikize, tidazula graphics card n'kulumikiza sikirini ku purosesa yokha. Gemu idayenda mokoka miyendo, ana akudandaula, koma kwa masiku anayi kompyuta siidazime ngakhale kamodzi.

Wina adatiuza kuti kabokosiko kangatsekulidwe n'kukonzedwa. Achimwene adakaniza kwamtuwagalu, ndipo chenjezo lawo tikulipereka kwa aliyense wowerenga: mkati mwa power supply muli tizipangizo tosunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo tingathe kuvulaza munthu koopsa. Bokosi lalikulu mungatsekule mutazula pulagi, koma kabokosi aka ayi. Tidadikira milungu itatu kufikira geni itatipatsa ndalama, n'kuitanitsa power supply ina ya mawati 500 kuchokera ku Blantyre. Tisadalipire tidapempha wogulitsa kuti atijambulire timanambala tating'ono tija. Pa +12V padali 38A. Adaiika ndi mnyamata yemwe uja, waya uliwonse akuufanizira ndi chithunzi chomwe adajambula asadazule yakale. Novembala yense adatha, kutentha kuli pachimake, kompyuta osazima.

Tikawerengera ndalama, zomwe tidataya kwa mmisiri woyamba zikadakwana theka la mtengo wa power supply. Koma chomwe chimatipweteka tikakumbukira ndi masiku aja mwana wamasiye ankadutsa pafupi ndi tebulo maso ali pansi, m'nyumba yomwe tidamuuza kuti ndi kwawo. Zinthu ziwiri zidachitika motsatizana, ife n'kuganiza kuti choyamba chabala chachiwiri, ndipo tidasankha kukhulupirira zimenezo chifukwa woimbidwa mlanduyo adali wosatha kutiyankha. Bokosi lidali ndi zomangira ziwiri zokha, koma tidaona chapafupi kuloza mwana chala kusiyana ndi kulitsekula.

Popeza tidamudzudzula pamaso pa anzake, tidaona kuti kupepesa kwa kuseri sikukwanira. Tidadikira chakudya chamadzulo, onse ali pamphasa, n'kunena kuti, "Mwanangu, tidakulakwira. Kompyuta sudaononge ndiwe, ndipo waikonza ndiwe. Utikhululukire." Adakhala chete nthawi yaitali, akupotokola nsima m'manja. Kenaka adati, "Zidatha, amalume. Koma fumbi lija lizichotsedwa mwezi uliwonse." Ntchito imeneyo ndi yake tsopano, pamodzi ndi kukopera fayilo ya ngongole mu fulashi Loweruka lililonse. Kope lija likadali m'dirowa ya tebulo, ndipo tsamba lomaliza lomwe adalembapo ndi la tsiku lomwe power supply yatsopano idafika.